Phazi la a Telala

Mowa unayamba kuwadya a telala kumapazi. Atapapira zaka makumi awiri, tsiku lina anaponda makina osamva kuti aponda, diresi la mwini n'kung'ambika. Adokotala anati mitsempha yawonongeka, koma akasiya botolo n'kumamwa mapiritsi, mwina idzatsitsimuka. Akazi awo anapatsidwa ntchito: m'mawa uliwonse azibaya phazilo pang'ono ndi singano, a telala atatsinzina, kuti aone ngati layamba kumva.

Ntchitoyo mayiwo anailandira ndi manja awiri. Matenda ankabwera iwo atamanga kale katundu, ndipo sanapite m'mbali.

"Sindifuna anthu aziti ndinathawa wodwala. Tsiku limene phazi lanuli lidzamve, ine ulendo."

Pang'ono pamene ananena adokotala paja panathera kuchipatala komweko. Mayiwo ankasankha chisingano chosokera zikwama.

"Mwamva?"

"Ayi."

"Chikuni chenicheni," ankatero akupukuta singano. "Mbale wanu botolo uja wabwera liti kudzakuonani?"

A telala ankameza mawuwo pamodzi ndi mapiritsi. Pakamwa pa mkaziyo ankadana napo, koma kuchoka kwake ankakuopa kuposa kulumala. Anzawo a kumowa anali atatha ngati makatani. Wowafunditsira madzi ndi kuwagwiriziza popita kuchimbudzi anali yemweyo wotukwanayo.

Itatha miyezi isanu ndi iwiri osalawa ndi dontho lomwe, singano inalowa, ululu n'kuthamanga mpaka m'bondo. A telala anasangalala kwa kamphindi, kenako mantha anawagwira. Analuma mano.

"Mwamva?"

"Ayi."

Ananama masiku atatu. Koma munthu amene anakhala zaka akufukula mabotolo pansi pa mulu wa nsalu sungamunamize ndi nkhope. Tsiku lachinayi mayiwo anabaya, maso ali pa zala.

"Bambo, chala chanu chapinda."

"Chimangochita chokha."

"Chokha eti?"

Anabayanso pakati pa phazi, osawauza kuti atsinzine. A telala anakuwa ngati mwana, phazi n'kumenya mwendo wa tebulo. Mayiwo anatsomeka singano pa kansalu kake, nalowa kuchipinda chogona. Anatuluka ndi chikwama.

"Mayi a ana, mowatu ndinasiya," anatero a telala.

"Ndaona. Mwachita bwino, musadzayambirenso."

"Nanga mukupitiranji?"

"Ndinakuuzani. Ine sindinama ngati inu."

A telala anadzuka osagwira khoma, ndodo n'kuiiwala pampando. Anawatsatira dzandidzandi, opanda nsapato, kudutsa pakhonde mpaka kugeti. Kamwala kalikonse ka pabwalopo ankakamva kakuwalasa. Adokotala akanaona akanawomba m'manja, koma mayiwo sanacheuke n'komwe.