Kagalu pa Sikelo ya Bambo

Kagalu kanabwera Lolemba m'katoni, mphatso yochokera kwa azakhali, ndipo pofika Lachitatu mayi anali atagamula kale kuti kabwerere. M'nyumba kanali katatafuna nsapato yawo yatsopano. Panja napo sikakanakhala, chifukwa kabawi anali atangonyamula mwanapiye wa aneba dzuwa likuswa mtengo. Mayi anati safuna kudzatonthoza munthu pa maliro a galu, azakhali adzakatenge Loweruka.

Mwana wawo wamkazi, yemwe onse ankamutcha Chete chifukwa mawu ake anali ochita kugula, anamva zonsezi. Koma kagaluko kanali katazolowera kale kugona pamapazi ake.

Chete ankawadziwa bwino akabawi. Bambo ake anali ndi butchala, ndipo kuseri kwake, kumene ankataya zotsalira za nyama, akabawi atatu ankakonda kutera pamtengo wa magetsi. Akaweruka kusukulu, Chete ankakhala pakhomo lakuseri n'kumawayang'ana. Anali ataona kangapo kuti kabawi akagwira chidutswa chachikulu amangochikwekweza pang'ono n'kuchisiya.

Lachinayi anayamba kuyeza. Bambo akatanganidwa ndi kasitomala, iye ankaika chidutswa cha mafuta pa sikelo, kenako n'kukachisiya panjerwa kuseri. Cha magalamu zana limodzi chinauluka ngati tsamba. Cha mazana atatu kabawi anakwera nacho movutikira, mpaka anatsala pang'ono kuwomba mpanda. Lachisanu anayesa theka la kilo, ndipo chinatsala pomwepo.

Loweruka m'mawa bambo anamupeza atayala nyuzipepala pa sikelo, kagalu kali pamwamba kakugwedeza mchira.

"Iwe, galu pa sikelo yanga? Makasitomala aziti timagulitsa chiyani muno?"

Chete analoza pa sikelo. "Makilo awiri ndi theka, bambo. Kabawi amalephera ngakhale theka la kilo. Ndayeza."

Bambo ankatha kutsutsa munthu aliyense, koma sikelo ayi. Anatenga chikwanje n'kudula fupa la nyama lokwana kilo imodzi ndendende. Mayi ndi azakhali atafika ndi katoni ija, bambo anawaitanira kuseri osafotokoza zambiri. Azakhali atamva nkhaniyo anaseka, nati iwo anamvapo za mbalame imene inanyamula mbuzi yathunthu. Bambo anafunsa ngati wowauzayo anali atamwa mabotolo angati.

Bambo anaika fupa lija panjerwa, ndipo onse anadikira ataima pamthunzi. Chete anakumbatira kagalu kake, akuopa kuti mwina lero n'limene kabawi angamuchititse manyazi. Kabawi wamkulu mwa atatu aja anazungulira kawiri, n'kutsika ngati mwala. Zikhadabo zinalowa m'nyama. Anakupiza mapiko mpaka fumbi koboo, fupa linasuntha pang'ono chabe, ndipo iye anakwera wopanda kanthu kukakhala pamtengo wake uja.

Mayi sanagonje msanga. Anati kunyamula n'kwina, kukanda n'kwina, zikhadabo zimenezo zikhoza kukaboola diso. Chete anavomera kuti n'zoona. Anati kazikhala pansi pa shedi mpaka kakule, ndipo kakamatuluka iye azikhala pafupi. Anawonjezanso, maso ali pansi, kuti anapiye a aneba ndiwo ofunika kuwatchingira ndi waya, chifukwa iwowo salemera n'komwe. Mayi anali asanamvepo mwanayo akulankhula mawu ochuluka chonchi pa tsiku limodzi.

"Alamu, katoni yanu tengani," anatero mayi. "Galuyo musiyeni."

Tsiku lonse aliyense wobwera kudzagula nyama ankachoka ndi nkhani yaulere. Bambo ankaloza ndi mpeni kumene kunali mwana wawo, n'kumati ameneyo anayeza mphamvu za kabawi popanda kumugwira ngakhale nthenga. Chete anabisala kuseri kwa firiji, akutsuka mbale ya sikelo ndi sopo kachiwiri, kumwetulira kukumukanika kubisa.