Njinga ya Apongozi

Anthu ankangomutchula kuti Wamijigo, chifukwa ntchito yake inali yokonza mijigo ikafa. Mijigo imakonda kufera kumene msewu unathera, choncho ankafuna njinga yamoto ya matayala a manomano, yotha kukwera zitunda ndi kudutsa m'matope. Apongozi ake, bambo a mkazi wake, anali nayo yotero. Anaipaka penti yofiira n'kumuuza kuti, "Mkamwini, injini iyi ndi namwali. Ndikukugulitsani inu chifukwa ndinu wa m'nyumba."

Tsiku lachitatu namwali uja anatsokomola pachitunda, anagogoda kawiri, n'kungoti zii. Wamijigo anakankha njingayo kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, bokosi la zitsulo lili kumbuyo, nsapato imodzi itayasama.

M'mawa mwake anayala katoni pakhonde, anasonkhanitsa masipanala ndi beseni la palafini, n'kuyamba kuphwasula. Atamasula bawuti yapansi, oyilo sanatuluke msanga. Ankachita kudontha monyinyirika, wakuda bii, wolimba ngati phula, ndipo atamutikita pazala anamva tizitsulo tonga mchenga. Anamuzindikira. Anali oyilo wa m'magiya a lole, amene anthu amathira kuti injini yodwala isamveke kugogoda.

Atachotsa mutu wa injini anapeza kuti gasiketi yotseka mpata wa pansi pa mutuwo inali yodula pakatoni ya sopo, zilembo zikuwerengeka ndithu. Pisitoni inali ndi mikwingwirima mbali zonse. Ring'i imodzi inatuluka zidutswa zitatu. Koma chimene chinamuimitsa mutu chinali kawaya. Pamalo pa kilipi yogwira pini ya pisitoni, munthu wina anapindapo waya wa mpanda. Wayayo anasomphoka n'kulima ngalande m'khoma la silinda, yolowa chikhadabo.

Anakhala pansi, wayayo ali m'manja, mano akukukuta okha.

Masana apongozi anatulukira. Mkazi wa Wamijigo anawaikira mpando pakhonde pomwepo, ndipo anakhala mwendo pamwamba pa unzake, kuyang'ana zitsulo zili mbwee.

"Mwaiphwasuliranji, mkamwini? Vuto ndi pulagi basi."

"Si pulagi, bambo."

"Ndiye ndi kakweredwe. Ana amakono mumasintha magiya ngati mukuponda njoka. Ine zaka khumi sinandigonekepo panjira."

Akanakhala munthu wina, Wamijigo akanamugwira pakhosi, koma mpongozi ndi mpongozi. Anangoweramira m'beseni n'kumatsuka beling'i yomwe anali atatsuka kale. Tsiku lotsatira apongozi anabweranso, ndi linalo. Ankaloza ndi nsonga ya nsapato kuti bawuti iyo yathina, nati iyo yatembenuka, ndipo pochoka ankasiya mawu akuti, "Mawu a akulu akoma akagonera."

Mkwiyo ukasowa polowera umagwera wapafupi. Tsiku lachinayi mkazi wake anabwera ndi madzi akumwa, mwana ali kumsana, n'kuponda katoni pang'ono. Timabawuti tinagubuduka.

"Maso mulibe? Kapena kwanu n'chimodzimodzi nonse, kuwononga n'kumayenda ngati palibe chachitika?"

Mkaziyo anaika kapu pansi bwinobwino. "Ngati muli ndi chakukhosi ndi bambo anga, khomo lawo mukulidziwa. Musandisandutse mlatho."

"Chakukhosi? Taonani ichi." Anamuonetsa waya uja. "Uyu akanandiphera kutchire. Akanagwira injini ndili pamtsetse, lero mukanakhala mutavala zakuda."

Mkaziyo anayang'ana wayayo. Kenako anayankhula motsitsa mawu. "Za waya sindinkadziwa. Koma oyilo ndinawaona akuthira, dzulo lake musanakaitenge. Ndinafunsa, iwo anati ndi mankhwala a injini."

"Ndiye munangoti duu?"

"Ndi bambo anga."

"Nanga ine ndine ndani? Wodutsa m'njira?"

Mkaziyo anatola kapu ija n'kulowa m'nyumba. Masiku awiri anayankhulana kudzera mwa mwana, yemwe anali asanayambe n'kuyankhula komwe.

Ntchito yokha ndiyo inayenda. Ananyamula silinda m'thumba kupita nayo kwa wamakina kuseri kwa msika, amene anaikulungiza mpaka ngalande ija inafafanizika. Anagula pisitoni yokulirapo pang'ono, maring'i, mabeling'i, gasiketi yeniyeni ndi makilipi awiri, tinthu tating'ono ngati ndolo. Anatsuka chilichonse kawiri. Analowetsa maring'i ndi zala, pang'onopang'ono, akuopa kuti angathyoke, mipata yake kuyang'anitsa kosiyana. Ulendo woyamba anaphonya dzino limodzi pa tcheni cha m'kati, ndipo atazungulitsa ndi dzanja injini inakakamira. Anatukwana mpaka nkhuku za anansi zinathawa, anamasula zonse n'kuyambiranso.

Loweruka m'mawa anathira oyilo woyera ngati uchi, n'kuponda kiki. Kachitatu injini inalira. Inalira mosalala, popanda kugogoda, utsi wake wochepa. Anaisiya ikulira, manja ali m'chiuno, koma mtima sunatsike.

Phokosolo ndilo linaitana apongozi. Ulendo uno anabwera ndi anzawo awiri, madoda a zipewa, n'kukhala pampando uja pakhonde.

"Mwamva?" anatero akuwalozera. "Njinga yanga ija. Ndinkanena ine kuti ilibe vuto, mkamwini wanga amangokonda kuseweretsa masipanala." Anatambasula dzanja. "Bweretsani kiyi, ndikaone kumunda. Madzulo ndibweza."

Wamijigo anazimitsa injini. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi beseni la zitsulo zakale, n'kuliika pamapazi pawo.

"Bambo, paja amati kutsutsa galu n'kukumba. Ndakumba. Iyi ndi gasiketi yanu, ya sopo. Iyi ndi pisitoni ya namwali uja. M'botolomu muli oyilo wa lole. Ndipo uyu," anakweza waya uja kuti madoda aone, "ndiye ankagwira moyo wanga."

Mmodzi wa madodawo anatola katoni ija, anaitembenuza, anawerenga dzina la sopo, n'kuibwezera mwakachetechete.

"Mukunditcha wakuba?" anafunsa apongozi, mitsempha ya pakhosi itaima. "Pamaso pa anthu? Ine amene ndinakupatsani mkazi?"

"Sindinatchule wakuba. Zitsulozi ndizo zikuyankhula. Koma kiyi simutenga, lero kapena mawa. Njingayi ndinagula kawiri, kwa inu ndi kwa wamakina."

"Mwana wanga, ukumva mmene akundinyozera mwamuna wakoyu?"

Mkazi wa Wamijigo anali ataima pakhomo. Anayang'ana bambo ake, osaphethira. "Ndamva, bambo. Oyilo uja ndinaona ndi maso angawa."

Apongozi anadzuka mwaukali mpaka mpando unagwa. Analumbira kuti phazi lawo silidzapondanso pakhomopo, n'kunyamuka, madoda aja akutsatira patali pang'ono ngati sakuyendera limodzi. Mkaziyo anamanga mwana kumsana, anasenza beseni lija, n'kuwalondola. Anakalitula pakhonde la bambo ake n'kubwerako chimanjamanja, maso ali ofiira.

"Musaganize kuti ndachitira inu," anatero polowa. "Zija munanena zakuti kwathu n'chimodzimodzi tonse, sindinaiwale."

"Inenso za oyilo sindinaiwale."

"Chabwino. Tikhala nazo."

Apongozi anasungadi lumbiro lawo. Moni ankatumiza wa mdzukulu yekha, ndipo kubanja konse mbiri inamveka yoti mkamwini wa mijigo alibe mwambo. Alamu ake awiri anasiya kumuyankha moni pamsewu.

Lolemba Wamijigo anamanga bokosi lake kumbuyo kwa njinga. Injini yatsopano sifuna kuthamangitsidwa, choncho anayenda pang'onopang'ono mpaka apanjinga zakapalasa ankamupitirira. Njira yachidule inkadutsa pakhomo pa apongozi. Iye anakhotera kumanzere, n'kuzungulira njira yaitali ya kumsika.