Loko wa Wosula

Tiyi anali atazizira m'makapu pamene bambo anaika nyundo patebulo. Anaitulutsa m'thumba la jekete lakuda lomwe anavala kumaliro, naigoneka bwinobwino pambali pa kompyuta ya malemu, chogwirira chake chitaloza kwa iwo eni.

Chitsiriza, mwana wawo wotsiriza, anayang'ana mlamu wake. Mlamuyo, mkazi wa malemu mchimwene wake, anali ataima pakhomo la khitchini ndi nsalu yopukutira mbale m'manja. Sanasunthe. Mipando yobwereka inali itaunjikidwa pakona kudikira eni ake, ndipo dzuwa la masana linkalowa pawindo n'kugwera pa nsapato za malemu, zomwe palibe anali atalimba mtima kuzichotsa.

Bambo anagogoda tebulo ndi chala, monga ankachitira nthawi zonse asanalankhule.

"Ndamva kuti m'chinthu ichi muli ine."

"Ine ndangonena zomwe ndinaona, alongo," anatero azakhali, akukonza mpango wawo. "Adzukulu anga amasewera zimenezi pafoni mpaka kuiwala kusamba. Tsiku lina ndikudutsa ndinamva chifuwa. Ndinati kodi alongo anga abwera? Kusuzumira, chinthu chachitsulo, maso ngati makala, chikukoka mwendo. Mwendo wamanzere, alongo! Ndinachita kukhala pansi."

"Azakhali, ndi gemu chabe," anatero Chitsiriza.

"Gemu? Mwana kutenga bambo ake omubereka kuwasandutsa chiwanda, dziko lonse lizibwera kudzawabaya ndi malupanga, iwe ukuti gemu?"

Bambo anali wowotcherera zitsulo. Zipata zambiri za mumsewu wawo zinatuluka m'manja mwawo, ndipo mwendo wamanzerewo unaphwanyidwa ndi chitsulo ana akadali aang'ono. Malemuyo, mwana wawo wamwamuna, anakulira m'shedi yawo yowotcherera, akugwirira zitsulo ndi kusesa. Tsiku lomwe ananena kuti akusiya nyundo kuti azikajambula pakompyuta, bambo anamuuza kuti akatuluka pachipata asadzabwerenso. Anatuluka. Panapita zaka zambiri, anakwatira, gemu yake inamveka mpaka kutali, koma awiriwo sanapatsanenso moni. Nthenda itamugwetsa mwadzidzidzi, bambo anafika kuchipatala nsalu itaphimba kale nkhope. M'nyumba ya mwana wawoyi anali atalowa koyamba sabata yomweyi.

Mlamu analankhula motsitsa mawu, maso ali pansi. "Bambo, gawo lomaliza lili momwemo. Silinatuluke, ndipo kulibe kwina komwe analisunga. Ankati anzake alione akamaliza."

"Ndamva, mayi," anatero bambo mwaulemu. "Ndiye ndione kaye. Ngati zili monga akunenera alongo angawa, chinthuchi chithera patebulo pompano. Ndanyozedwa ali moyo, sindinyozedwanso ali m'manda. Iwe, yatsa."

Chitsiriza anakhala pampando wa mchimwene wake. Mpandowo unali utazolowera thupi la wina, ndipo unamupendeketsa pang'ono. Gemuyi ankaidziwa bwino, chifukwa gawo lililonse likatha mchimwene wake ankamuitana kuti adzayese, n'kumamuseka akamafa. Zonsezi anali atawabisira bambo. Tsopano zala zake zinkaterera pamabatani.

Pasikirini panaoneka chigwa cha phulusa. Kunalibe mtengo, kunalibe mbalame. Patali panali linga lalitali lakuda, ndipo pakati pake panali chipata. Kamunthu kakang'ono, kokhala ndi lupanga m'manja, kanaima kudikira kuti Chitsiriza akayendetse.

"Ameneyo ndi ndani?" anafunsa bambo.

"Ndi wosewerayo. Panopa ndi ine."

"Nanga ine ndili kuti?"

"Dzina lake ndi Wosula, bambo. Si inu."

"Ndakufunsa dzina? Nena nkhani yake. Yonse."

Chitsiriza anafotokoza kuti kalekale, mzinda wa kuseri kwa lingalo usanakhale bwinja, kunkabwera mphepo yakuda dzuwa likamalowa. Munthu ikamupeza panja inkamudya dzina, mwakuti m'mawa ngakhale mayi ake sankamudziwa. Anthu anapempha wosula zitsulo wa mumzindamo kuti awapangire chipata choti mphepoyo isalowe. Anachipanga, ndipo anaika lamulo loti dzuwa likangolowa chipata chitsekedwe, osatsegulira aliyense, kaya ndi mfumu.

Apa anaima.

"Pitiriza."

"Tsiku lina mwana wake anachedwa kunja. Anagogoda. Wosula anamva, koma lamulo linali lake lomwe. Sanatsegule."

Azakhali anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva, alongo?"

"Ndili ndi makutu. Kenako?"

"Kenako anthu a mumzindamo anatha mmodzimmodzi, koma iye imfa inamukana. Anakhalabe pachipatapo zaka zosawerengeka, mpaka khungu lake linasanduka chitsulo. Aliyense wofuna kutsegula, iye amamupha. Magawo onse apitawa munthu umayenda, umamenyana ndi zina, koma njira zonse zimathera kwa iye."

"Yenda tsono."

Kamunthu kaja kanayamba kudutsa phulusa. M'nyumbamo munangomveka mapazi ake. Kenako, chisanaoneke chilichonse, kunamveka phokoso lina kuchokera kuseri kwa utsi: phazi limodzi kuponda, linzake kukwekwereka pansi. Kuponda, kukwekwereka. Chitsiriza anali atamva mayendedwe amenewo m'khonde moyo wake wonse. Chinthucho chinatsokomola, chifuwa chouma cha munthu wopuma utsi wa zitsulo, ndipo kumbuyo kwa mpando bambo anatsokomolanso chimodzimodzi. Mlamu anagwira khomo.

Wosula anatuluka mu utsi. Anali wamtali kufika pakati pa linga, mapewa akugwa dzimbiri, nyundo ili m'dzanja. Padzanjapo panali chipsera chonga chomwe chinali padzanja lomwe linagwira mpando wa Chitsiriza. Anagogoda pansi ndi nyundoyo, ngati munthu wofuna kulankhula, koma sanalankhule. Chitsiriza anakweza lupanga, nathamanga, nabaya. Nyundo inatsika kamodzi kokha. Sikirini inada.

"Ndafa," anatero.

"Bwereza."

Anabwereza, nafanso. Ulendo wina anazemba, nabaya kumwendo wolumalawo, monga ankachitira osewera ochenjera. Wosula anagwada, dzimbiri likuthothoka, kenako anadzuka pang'onopang'ono ndipo sikirini inadanso.

"Amalasa pamwendo," anatero bambo. Mawu awo anali ozizira. "Alipo amene anamuphapo?"

"Palibe. Anthu amadandaula, amati gemuyi ndi yachinyengo. Achimwene ankangoti adikire gawo lomaliza."

Dzanja la bambo linachoka pampando n'kukagwira nyundo ya patebulo. Sanainyamule, anangoigwira. Chitsiriza anaona mitsempha ya padzanjapo ikutukuka, ndipo anaganiza zodzigwetsa pakompyutapo. Azakhali, omwe anayambitsa zonsezi, anayamba kusuntha makapu kuwachotsa pafupi.

"Alongo, mwina tidikire kaye mawa, mitima ikhale pansi."

Maso a bambo sanali pa Wosula. Anatulutsa magalasi m'thumba la malaya ndi dzanja linalo, nawavala, naweramira kusikirini.

"Chipatacho. Ndifikitse pafupi."

"Sizitheka, bambo. Amandipha ndisanafike."

"Nanga iwe ukufika pakhomo pa munthu utasolola lupanga, ukuti akulandire ndi madzi akumwa? Taya chimenecho."

Chitsiriza anali asanayesepo zimenezo. M'magawo akale batani lotayira lupanga linkagwira paliponse kupatula m'chigwachi. Analidina. Lupanga linagwa muphulusa.

Anayenda chimanjamanja. Kukwekwereka kuja kunayambanso, ndipo Wosula anatuluka mu utsi, nakweza nyundo. Chitsiriza anatseka diso limodzi. Nyundo sinatsike. Chinthucho chinangoima, chikupuma mwaphokoso, ndipo kamunthu katadutsa chinatembenuka n'kuyamba kukatsatira pambuyo, pafupi kwambiri, mthunzi wake utakaphimba konse. Kuponda, kukwekwereka. Anayenda choncho mpaka pachipata.

Chitsiriza anachizindikira asanauzidwe. Zitsulo zopindidwa ngati makutu a kapu, ziwiri kuyang'anana, chimodzi chakumunsi chopotoka pomwe galimoto ya makasitomala inagundapo kale. Chinali chipata cha kwawo. Mphepo inachikankha pang'ono ndipo chinalira, kulira kuja komwe anthu a mumsewu wonse ankadzukira m'mawa.

"Kweza maso ake," anatero bambo. "Pampiringidzo."

Mpiringidzo unali wolowetsedwa. Pa iwo panali loko wamkulu wachikasu, atapendekera kumanzere. Chitsiriza sanaone chachilendo, mpaka chala cha bambo chinafika pagalasi. Lokoyo anali wongokoleka. Kachitsulo kake kopindika kanali katalowa pabowo, koma sikanakanikizidwe. Panali kampata koti n'kulowa chikhadabo.

"Anaiwala kujambula bwino pamenepo," anatero azakhali.

"Sanaiwale," anatero bambo.

Kunyumba kwawo chipata ankatseka ndi bambo okha. Madzulo alionse ana ankamva mpiringidzo ukulowa ndi loko akugunda chitsulo, ndipo palibe ankapita kukaona. Chitsiriza anatembenuka kuwayang'ana. Nkhope yawo inali itatuwa ngati phulusa la pasikirinipo.

"Anadziwa bwanji?" anafunsa bambo, osayang'ana aliyense. "Pamsewu sizioneka. Mpaka munthu alowetse dzanja."

Mlamu anasiya khomo nabwera pafupi. Nsalu ija anali ataipotokola ngati chingwe.

"Ankapitako, bambo. Akatopa ndi ntchito ankati ndikawongole miyendo, koma ine ndinkadziwa komwe akupita. Ankalowetsa dzanja, n'kukhudza, n'kubwerera. Akafika kuno ankangoti, sanakhome. Tsiku limenelo ankadya bwino."

Bambo anavula magalasi, nawavalanso.

"Tsegula," anauza Chitsiriza.

Kamunthu kanachotsa loko, kanakoka mpiringidzo. Chipata chinalira n'kutseguka. Kumbuyo, Wosula anatsitsa nyundo mpaka inakhudza pansi. Koma mkatimo munalibe kanthu. Munalibe nyumba, munalibe bwalo, ngakhale nthaka. Munali kutuwa kokhakokha, kopanda pansi ndi pamwamba. Chitsiriza anadina kuti kalowe, koma kamunthuko kanangoyenda pamalo amodzi, mapazi akupalasa pakhomo.

"Zawonongeka?" anafunsa azakhali monong'ona.

"Ndi pomwe analekezera," anatero mlamu. "Ankati mkatimo sakukumbukamo bwino, ndipo safuna kujambula zongopeka. Ankati akaonamo kaye."

Panja galimoto ya eni mipando inaimba hutala, ndipo palibe anatuluka. Bambo anayang'ana kutuwa kuja nthawi yaitali. Kenako anaweramuka, nakonza jekete, natuluka osatsanzika. Otsalawo anawamva m'khonde, kuponda, kukwekwereka, mpaka phokosolo linazimirira. Pasikirini Wosula anali akupumabe.

Nyundo inatsala patebulo.

"Aiiwala, kapena abweranso?" anafunsa mlamu.

Chitsiriza anathimitsa kompyuta, naifundika nsalu ya patebulo, koma nyundoyo palibe anaigwira.

Tsiku lotsatira, ataweruka kuntchito, Chitsiriza anaikulunga m'pepala napita nayo kwawo. Anapeza shedi ili yotseka, makina owotcherera ali chete. Bambo anali pabwalo, manja kumbuyo, akuyang'ana khoma la nyumba, thanki ya madzi, chingwe choyanikira zovala, ngati munthu wofuna kugula malowo. Anaona nyundo m'manja mwake ndipo analoza ndi mutu kushedi.

"Kaiike pamalo pake."

Atabwerako, dzuwa linali litatsika kuseri kwa madenga. Inali nthawi yotseka. Bambo anakoka chipata ndipo chinalira. Analowetsa mpiringidzo, nakoleka loko, ndipo chala chawo chachikulu chinakhala pamwamba pake. Chitsiriza anaima pambuyo pawo. Woti n'kudzalowetsa dzanja kunalibenso, ndipo anaona chalacho chikuyamba kulemera.

"Anzake aja," anatero bambo, osatembenuka, "alipo wodziwa kujambula ngati iye?"

"Alipo mmodzi. Samufika, koma amayesetsa."

"Mlamu wako njira yakuno amaidziwa?"

"Amaidziwa."

"Umuuze abwere naye. Adzaone mkatimu, asakalembe zabodza." Anatsokomola. "Thankiyo asaijambule, ndi yatsopano. Nthawi yake panali mgolo."

Anachotsa chala osakanikiza. Loko anagwedezeka pang'ono, nagunda chitsulo, naima atapendekera kumanzere.