Werengani Tsamba 41, Alamu

Buku langa ndinaliona koyamba lili patebulo la munthu wina, ndipo pachikuto panali dzina la munthu wina. Ine Yunike wa ku Sangilo, amene ndinalilemba zaka zinayi m'makope onunkha usipa, dzina langa panalibe ngakhale pakona.

Linali Loweruka, muholo ya ku Mlare, tsiku limene anthu odzisindikizira okha mabuku anabwera kudzaonetsa ntchito zawo. Panali namwino ndi kabuku ka zakudya za ana, m'busa ndi nyimbo zake, bambo wina wolemba za ulimi wa mpunga, winanso wa ndakatulo zachikondi. Aliyense anakhala kumbuyo kwa mabuku ake ngati mayi wa tomato pamsika. Patebulo lakumapeto ndi pamene panali mulu wa mabuku anga, ndipo kumbuyo kwake kunakhala alamu anga a Chakufwa, akulu ake a malemu mwamuna wanga, atavala jekete ndi tayi dzuwa likuswa mtengo.

Kupusa kunali kwanga, sindikana. Iwo anali paulendo wa ku Mzuzu, ndiye ndinawapatsa makope anga kuti akasiye kwa osindikiza. Anachita kulandira ndi manja awiri. Patapita miyezi iwiri anandiimbira foni kuti mabuku abwera nawo okha ku Mlare, ine ndingofika. Ndinawathokoza mpaka kugwada, foni ili kukhutu, chitsiru ine!

"Alamu, ichi n'chiyani?" ndinafunsa, chala chili padzina lawo.

"Pachoko pachoko, mulamu, mtima pansi," anatero, maso ali kwa anthu. "Buku limafuna dzina lodziwika. Ndani angagule buku la mayi woyanika usipa? Komanso inu munabwera kwathu ndi ng'ombe zathu za lobola. Chimene mwapanga muli pakhomo pathu n'cha banja."

"Nanga makope anga ali kuti?"

"Osindikiza anataya. Anali akuda chomene."

Ndinapsa mtima moti m'makutu munkachita kulira. Ndinafuna kugubuduza tebulo lonselo, koma ndani akanandikhulupirira? Iwo anali ndi tayi, ine ndinali ndi chitenje ndi masilipasi. Umboni wanga wonse unali m'makope aja. Anthu akanangoti namfedwa uja wazungulira mutu.

"Koma mwaliwerenga?"

"Enya, ndadutsamo."

Bodza lamkunkhuniza. Alamu angawa sawerenga ngakhale pepala la m'paketi ya mankhwala, amangomeza. Ndinatsegula buku limodzi, ndinafunafuna tsamba lina mpaka kulipeza, n'kulibweza pamulu. Ndinabwerera n'kukakhala pabenchi lakumbuyo, manja ali m'khwapa kuti asachite zimene mtima unkafuna.

Mwambo unkayendetsedwa ndi aphunzitsi a Thandiwe, mayi wa ku Dedza wogwira ntchito kuno kwathu. Analengeza kuti mlembi aliyense awerenge tsamba limodzi la m'buku lake. M'busa m'malo mowerenga anaimba, wa ndakatulo anatiuza za maso a mkazi wina mpaka tinatopa nawo masowo. Kenaka anaitana a Chakufwa. Anaimirira, nakonza tayi, n'kuyamba kutembenuza masamba uku ndi uku osadziwa potera.

"Werengani tsamba 41, alamu!" ndinafuula. "Ndilo lokoma."

Anandimwetulira. Anaganiza kuti ndagonja, ndayamba kuwathandiza. Anapeza tsambalo n'kuyamba ndi mawu awo a zolengeza za kutchalitchi, osadzimvera zimene akunena.

"Tsiku limenelo ndinadzuka msana ukuwawa, koma usipa unafa wambiri, ndiye ndinapitabe kukayanika pathandala. Pathupi panga panali pa miyezi isanu ndi itatu..."

Holo yonse inafa nalo phwete. Wina kumbuyo anafuula kuti, "Mwachira liti, adada?" Ine sindinaseke. Patsamba limenelo palibe choseketsa. Alamu anali atasiya kuwerenga mokweza, koma maso awo ankatsikabe ndi mizere, ndipo ndinaona thukuta likutsikira m'kolala.

"Pitirizani, bambo," anatero a Thandiwe.

"Sangathe," ndinatero ndikuimirira. "Aphunzitsi, tengani buku limodzi, muzinditsatira ndi chala. Ndikaphonya liwu limodzi, munditulutse."

A Thandiwe anandiyang'ana, nayang'ana alamu, n'kutola buku. Ndinayenda pakati pa mabenchi ndilibe kanthu m'manja. Tsamba limenelo ndinalilemba kasanu n'kumang'amba, sindikanaliiwala.

"Dzuwa lili pamutu, zinandiyamba. Mwamuna wanga anali asanabwere kunyanja. Ndinatuma mnzanga kwa alamu anga aakulu, amene anali atangogula njinga yamoto ndi malipiro a kumgodi wa Kayelekera, kuti andithamangitsire kuchipatala. Iwo anayankha kuti magazi aononga mpando. Mwana anabadwira pansi pa thandala, mamba a usipa akumugwera. Analira kamodzi, sanalirenso. Tinakamuika amayi okhaokha, asanapatsidwe dzina."

Ine misozi inkatsika, koma sinali yachisoni yokha, inali yaukali. Zaka zonsezi nkhaniyi sindinaiyankhulepo pamaso pawo. Ndinkawapatsa moni, ndinkawaphikira akabwera, ndinkawatchula kuti alamu.

"Sanaphonye paliponse," anatero a Thandiwe chapansipansi, koma aliyense anamva.

"Izi n'za m'banja," alamu anayamba motero. "Sizoyenera pagulu, yayi."

"Mwazibweretsa pagulu ndinu, alamu. Ine sindinakutchuleni dzina m'bukumu, ndinakusungirani ulemu umene inu simunandisungire. Dzina lanu mwaliikapo nokha, pamwamba penipeni, m'zilembo zikuluzikulu."

Alamu anaika buku patebulo pang'onopang'ono ngati likutentha, natuluka. Palibe anawatsatira.

Ndinakhala pampando wawo uja, unali ukadali wofunda. A Thandiwe anandibwereka cholembera chakuda chachikulu chija amalembera zikwangwani. Ndinatenga buku loyamba, ndinafufuta dzina la a Chakufwa mpaka chikuto chinatsala pang'ono kubooka, n'kulemba langa pansi pake. Zilembo zinakhota ngati za mwana wa sitandade wani. Ndinatenga lachiwiri.

Namwino uja anabwera n'kuima pafupi nane. Ankalankhula mwachifundo, ndipo ankafuna kundithandiza.

"Mayi, mukuononga mabuku abwinobwino. Bwanji muwasunge kaye, mudzawakonzetse zikuto mtima ukakhala pansi?"

"Ayi, anesi," ndinatero ndikukoka lachitatu. "Mwana mmodzi ndinamulola kupita wopanda dzina. Uyu satuluka pakhomo apo mpaka adziwike kuti mayi wake ndani."