Buluku la a Nurettin

Pafakitale yathu ya magalimoto ku Melbourne, lamba wonyamula magalimoto sankaima. Ine Milorad ndinkamanga zitseko za kumanja, a Nurettin za kumanzere. Anali bambo wachikulire wochokera ku Turkey, wa ana aakazi okhaokha, ndipo ankabwera kuntchito atasita malaya ngati akupita ku ukwati. Ukafuna kupita kuchimbudzi unkakweza dzanja n'kudikira kuti kapitawo atumize wina wodzakugwirira. Kapitawo wathu, Gavin, ankaona chilichonse kupatula dzanja lokwezedwa.

Tsiku lina a Nurettin anakweza dzanja mpaka linatopa. Ndinkawaonera pawindo la galimoto iliyonse yodutsa pakati pathu, akupondaponda, thukuta lili kamukamu. Kenako anasiya kupondaponda. Mkodzo unayenderera pasimenti n'kudzafika pansapato zanga.

Gavin anabwera atatsina mphuno. "Agogo, mwayesa pano ndi kumudzi kwanu? Chokolopera icho. Msanga, magalimoto akudutsa opanda zitseko."

Anakolopadi, anthu onse tikuona. Thanasis, Mgiriki wa pamatayala, anaponya sipanala pansi, n'kupita kukadina batani loimitsa lamba. Fakitale yonse inati zii. Sitiraka inayamba choncho.

M'mawa mwake kunabwera a Hartigan, mkulu wa bungwe lathu la ogwira ntchito. Anakwera palole pageti, nkhope ili psuu, n'kukuwa kuti zimene achitira m'bale wathu achitira tonse. Tinaomba m'manja mpaka m'manja kuwawa. Atatsika anakokera a Nurettin pambali, ine ndikumasulira chifukwa Chingerezi ndi chinenero cha a Nurettin ndinkazidziwako pang'ono.

"Buluku lija lilipo? Musalichape, bwanawe. Ndi mfuti yathu imeneyo."

"Muwauze kuti ndili ndi ana," anatero a Nurettin, maso ali pansi.

"Ndiye tikumenyera ana omwewo!"

A Nurettin analibweretsa m'pepala lapulasitiki. A Hartigan analipachika pandodo, n'kuwaimika a Nurettin pambali pake, atolankhani n'kujambula. Chithunzicho chinatuluka patsamba loyamba. Mwana wamkulu wa a Nurettin anasiya kupita kusukulu chifukwa anzake ankamulizira mluzu ngati akukodzetsa khanda.

Tinapirira nyengo yozizira yonse pageti, tikuotha moto m'migolo. Akazi athu ankabweretsa buledi ndi msuzi wa nyemba, Ataliyana chakudya chawo cha pasita, Agiriki tchizi chamchere. Zofuna zathu zinali ziwiri basi: lamba achepetse liwiro, ndipo munthu azipita kuchimbudzi akafuna.

Kenako kampani inavomera zokambirana, kuhotela ya m'tauni. Anzanga anandisankha kuti ndikaimire ife a palamba. Ndinabwereka jekete kwa mlamu wanga. Nditafika, a Hartigan anandisisita paphewa.

"Khala kaye panja pano, mnyamata wanga. Tikuyamba ndi zamalamulo, zingakupweteketse mutu."

Ndinakhala pampando m'khonde mpaka dzuwa kupendeka. Woperekera zakudya atalowa ndi thireyi anasiya chitseko chosatseka, ndipo ndinalowa pambuyo pake.

Pathebulo panali mulu wa zikamba za nkhanu ndi mabotolo opanda kanthu. A Hartigan anali atamasula lamba wa m'chiuno. Pambali pawo panakhala a Ashcroft, bwana wa fakitale, amene pageti a Hartigan ankawatchula kuti nsabwe. Ankaseka mpaka misozi.

"Nanga Mpopi uja timutani, Len?" anafunsa a Ashcroft, akuyang'ana a Hartigan.

"Muikeni pafupi ndi madzi anzake," anayankha a Hartigan, mafuta akuchucha pachibwano. Anadzuka n'kuyamba kupondaponda atapanikiza miyendo, dzanja lili m'mwamba. Chipinda chonse chinafa ndi phwete.

Atandiona sanachite manyazi n'komwe. "Aa, Milorad! Wafika nthawi yabwino, tamaliza. Tenga mbale, kampani ndiyo ikulipira."

Mbaleyo sindinatenge. Ndinafunsa za lamba. Anati akhazikitsa komiti yoti ifufuze. Ndinafunsa za chimbudzi. Anati komiti yomweyo. Amakanika ndi amagetsi, anthu obadwira konkuno amene ankavotera a Hartigan chaka ndi chaka, ndiwo anakwezeredwa malipiro. Gavin anangopatsidwa chenjezo lapakamwa.

"Ndipo mnzako uja tamupezera ntchito yopepuka," anatero a Ashcroft. "Azisamalira zimbudzi. Sadzavutikanso."

Msonkhano wovota unachitikira pabwalo la mpira. Ndinapempha chimkuzamawu, a Hartigan n'kundiuza kuti ndiyankhula pamapeto. Anawerenga mgwirizanowo m'Chingerezi, mothamanga ngati wolengeza mpikisano wa akavalo, n'kukuwa kuti, "Tapambana! Amene ali nafe akweze dzanja!" Amene sanamve anaona manja a kutsogolo akukwera, nawo n'kukweza. Ine ndinkakuwa m'chinenero cha kwathu kuti atigulitsa, Thanasis m'Chigiriki, koma chimkuzamawu chinali chitayamba kale nyimbo. Thanasis analavulira pagalasi la galimoto ya a Hartigan, ndipo pasanathe sabata anamuchotsa ntchito. Bungwe linati mlandu wake ndi wovuta kuuteteza.

Ndinapita kwa a Nurettin kukawauza zimene ndinaona kuhotela. Akazi awo anandipatsa tiyi m'kagalasi. Ndinafotokoza zonse, za dzina lija lokha ndinabisa.

"Mpopi," anatero okha. "Ndikulidziwa, m'bale wanga. Ngakhale a pageti akundiitana choncho."

"Kanani ntchitoyo, achikulire."

"Ndikane, ndipite kuti? Fakitale iliyonse muno anandiona m'nyuzi."

Tinabwerera kuntchito Lolemba. Lamba ankathamanga kuposa kale, kuti akwanitse magalimoto amene sanapangidwe nthawi ya sitiraka. Kuzitseko za kumanzere anaika munthu watsopano wosadziwa kugwira sipanala. Chakumasana ndinakweza dzanja, ndipo Gavin anandiyang'ana nthawi yaitali, akumwetulira, asanatumize wondigwirira.

M'chimbudzi munali mwaukhondo kuposa m'kantini. Ndinalowa, ndinakhoma, ndinakhala. Ndisanapume n'komwe ndinamva chidebe chikukhwekhwerezeka, kenako kugogoda kwaulemu pachitseko.

"Milorad," anatero a Nurettin ndi mawu otsika. "Pepa, mwana wanga. Andiuza kuti munthu akachedwa ndizigogoda."

Ndinatuluka osachita chimene ndinalowera. Iwo anatembenukira kukhoma n'kumapukuta sinki yowala kale. Pamsonkhano wotsatira a Hartigan anasankhidwanso popanda wopikisana nawo.