Mtsinje Wosochera wa Mayi Januária

"Chala changa sindidinda," anatero mayi Januária, nabisa dzanja m'nsalu.

Mzere wonse unaima. Munali mu 1978, ine nditangochoka kumene ku yunivesite ku Maputo, ndipo boma linandituma ku Majaua kukalemba alimi amene madzi osefukira anawawonongera minda, kuti alandire ndalama za chithandizo ndi mbewu. Dziko linkanunkhabe matope. M'nthambi za mitengo munali mutakodwa mapesi, ngati chimanga chinayesa kuuluka n'kulephera.

"Amayi, pepalali langoti perdida, ndiye kuti munda wotayika. Mukadinda, mulandira," ndinatero.

"Otayika ndi malemu amuna anga a Cipriano, mwananga. Munda ndimauona m'mawa uliwonse. Ndikati watayika ndiye kuti ndauika m'manda, ndipo ena akaulima ndidzanena chiyani?"

Kamarada Florentino, mkulu wathu, anandinong'oneza nkhani yake. Ruo, mtsinje wa m'malire, atadzaza anasiya njira yake nakumba ina, moti mundawo unagona tsidya lino n'kudzuka uli tsidya la Malawi, pamodzi ndi mtengo wa malalanje umene a Cipriano anabzala.

"Buku titseka mawa masana," anatero. "Akapanda kudinda, chaka chino alibe chobzala."

M'mawa mwake ndinawatsatira mayiwo kumtsinje, pepala lili m'thumba. Nkhungu inali itagona pamadzi. Tinaima mumchenga, m'chigawo cha njira yakale ya Ruo chimene chinatsalira tsidya lino, momwe tinsomba touma tinkang'anima. Kutsogolo madzi ankadutsa mwakachetechete, ndipo kuseri kwake mtengo wa malalanje unkaoneka ngati ukuyandama wopanda mizu.

Kusukulu ndinkathera nthawi pa timabokosi todzaza mawu ta m'nyuzipepala, aphunzitsi n'kumati sizidzandithandiza kanthu. Funso linabwera lokha.

"Kodi amayi, wasuntha ndani pamenepa? Munda kapena mtsinje?"

"Iwe, munda uli ndi miyendo? Watayika ndi Ruo. Wakalamba, waiwala kwawo."

Ndinatsamiritsa pepala pabondo. Chilembo chomaliza cha perdida, ka a kaja, ndinakazunguliza ndi cholembera mpaka kanasanduka o. Pamwamba pake ndinalembapo rio, kutanthauza mtsinje, m'tizilembo tochepa ngati nyerere.

"Tsopano likuti perdido. M'Chipwitikizi munda ndi wamkazi, mtsinje ndi wamwamuna. Wotayika pano ndi mwamunayo."

"Eyatu," anatero. "N'chifukwa chake wachoka osatsanzika."

Anatulutsa dzanja m'nsalu.

Masana Kamarada Florentino analiyang'anitsitsa pepalalo. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana mayiwo ndi chala chawo chakuda ndi inki.

"Benedito, cholembera chako chikudontha," anatero, namenya chidindo.

Patatha sabata, ndikubwerera ku Milange panjinga, ndinadzera kumtsinje kuja. Madzi anali ataphwera, akulekeza m'mawondo. Tsidya lija, pansi pa malalanje, panali mizere yatsopano ya nyemba zongobzala kumene. Koma mwini wake sanali kumunda. Anali tsidya lino, atawerama m'njira yakale ya Ruo, akusesa masamba ndi tinsomba tija pamchenga.

"Mukutani, amayi?"

Sanadzutse mutu.

"Akadzakumbukira kwawo, apeze pakhomo posesa."