Dzanja Limodzi pa Handulo

Helena ankapaka mwana wake Thandizo mafuta pamkono pamene alamu ake, a Augustine, anatsokomola pakhomo. Phulusa la moto wa pamaliro linali likadali pabwalo. Mwamuna wake Bonifasio anagundidwa ndi lole ya mchenga pa msewu wa ku Ndunde, atakweza mwanayu pa njinga kupita naye kusukulu. Iye anafera pomwepo. Thandizo anatsala ndi mwendo wothyoka, ndipo adokotala anati ukapanda kukonzedwa ku Blantyre adzatsimphina moyo wake wonse.

"Mlamu, eni lole akubwera Loweruka," anatero a Augustine atakhala pansi. "Tidzagwirane chanza, nkhani ithe. Za loya zija zisiyeni."

"Nanga mwendo wa mwanayu?"

"Anthuwa agula bokosi. Chimanga chawo tadya pamaliro mudzi wonse. Lero tiwasumire? Adzati mukudyera imfa ya amuna anu." Anatsitsa mawu. "Komanso dalaivala akuti achimwene ankayendetsa ndi dzanja limodzi, njinga ikupepeluka. Akuti anali atalawa. Zikatuluka kukhoti zimenezi, manyazi ndi athu."

A Augustine sanali munthu woipa, ayi. Anali chabe mwa anthu aja amene munthu wa galimoto akawapatsa moni wa manja awiri amayamba kuona ngati dziko lonse ndi lachilungamo.

Helena anapitiriza kupaka mwanayo mafuta. Mowa Bonifasio anausiya Thandizo asanabadwe, koma za dzanja limodzizo zinamulasa mumtima. Loya amene mlongo wake Denis anamuimbira anali atanena poyera kuti bokosi ndi chimanga sizitseka mlandu. Inshuwalansi ya lole ikhoza kulipira chithandizo cha mwana, bola pakhale umboni wakuti wolakwa ndi dalaivala. Umboniwo akanautenga kuti? Thandizo sankakumbukira kanthu.

Akadali chikhalire anamva odi. Anali mayi Shamsa, wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu uja, atabwera kudzapepesa. Atapereka moni anayang'ana mwanayo nthawi yaitali.

"Bambo ako anali mwamuna, iwe," anatero. "Ndinaona ndi maso angawa. Lole inatsika chitunda ili mbali yawo, hutala osaliza. Iwo anasiya handulo, dzanja n'kulipotolera kumbuyo, kumugwira mwanayu pamkono, kumuponya m'udzu. Akanadumpha okha akanapulumuka."

"Bwanji simunanene?" anafunsa Helena.

"Anandifunsa ndani? Tsiku lija ofunsa ankangoyang'ana amuna."

A Augustine anapukusa mutu. "Mayi, zikomo. Koma mawu okha, a munthu mmodzi, kulimbana ndi anthu a malole..."

Helena sanawamvenso. Anakwinya mkono wa diresi ya Thandizo. Pamwamba pa chigongono panali madontho akuda amene anakhala akuwapaka mafuta chibwerere kuchipatala, poganiza kuti ndi mabala a miyala ya m'mbali mwa msewu. Tsopano anawayang'ana bwinobwino. Anayi anali ondondozana mbali imodzi, lina lalikulu lili lokha mbali inayo.

Anaikapo zala zake. Sizinafike, dzanja lake linachepa.

"Alamu," anatero, "bwerani."

A Augustine anazengereza, kenaka anagwada pamphasa. Manja awo anali a kwawo, aakulu ndi okhakhala ngati a malemuwo. Atagwira mkono wa mwanayo mofatsa, chala chilichonse chinakhala pa dontho lake.

A Augustine, amene sanagwetse msozi ngakhale kumanda, anayamba kusisima, mapewa akugwedezeka. Helena nayenso analira, koma kulira kwake kunali kwina. Chisoni chinalipo, inde, koma tsopano chinasakanikirana ndi kunyada, ndi mkwiyo poona kuti anthu ankafuna kumukwirira mwamuna wake kachiwiri ndi dzina la chidakwa.

Anatseka botolo la mafuta n'kuliika patali.

"Mawa m'mawa tipite naye kuchipatala, adokotala akaone zizindikirozi zisanazimiririke," anatero. "Mayi Shamsa, mudzatiperekeza kwa loya?"

"Tomato adikira," anayankha mayiyo.

A Augustine anapukuta nkhope ndi dzanja lamanzere. "Loweruka musayale mphasa, mlamu. Eni lole aja ndikawauza ndekha."

Dzanja lamanja anali asanalichotsebe. Thandizo analiyang'ana, kenaka anaika kadzanja kake pamwamba pake n'kulikanikiza.

"Amalume... ababa aang'ono," anatero chapansipansi, "musachotse kaye."